Kusiya Ntchito ya Pamwezi ndi Kulowa M'malonda a Vinyo ku Chipata

Munthu akatopa ndi ntchito ya mu ofesi n'kuyamba kulakalaka za vinyo, kawirikawiri chimene amaona m'maganizo mwake ndi munda wa mpesa wotambalala m'tsinde mwa phiri, migolo itandandalikidwa m'chipinda chozizira, ndi iye mwini akuyendera zonsezi tambula ili m'manja. Mapiri tili nawo ku Chipata, ndipo atizinga mbali zonse, koma munda woterowo palibe, ndipo ndi bwino kuvomereza zimenezi pa tsiku loyamba. Mphesa zopangira vinyo zimachita bwino m'madera amene ali pakati pa madigiri 30 ndi 50 kuchokera pa ikweta, kumene kuli chisanu chokwanira kuti mpesa upume ndiponso nyengo youma pa nthawi imene zipatso zikupsa. Ife tili pafupi ndi madigiri 14, ndipo mvula yathu imagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi, miyezi yeniyeni imene mphesa za kummwera kwa dziko lapansi zimafuna dzuwa. Ku Dodoma m'dziko la Tanzania amalima mphesa ndipo amakolola kawiri pachaka, koma kumeneko ndi kouma kwambiri kuposa kuno.

Choncho ntchito ya vinyo kuno kummawa ndi ya kusankha, kunyamula, kusunga, kufotokoza ndi kugulitsa chakumwa chimene chapangidwa kutali. Vinyo wambiri amene amamwedwa m'Zambia amachokera ku South Africa, m'chigawo cha Western Cape, kumene mphesa zinafinyidwa koyamba mu 1659. Botolo lochokera ku Stellenbosch, Paarl kapena Robertson limayenda pa lole makilomita opitirira 3,000, kudzera ku Johannesburg, kuoloka Zambezi pa Chirundu kapena pa mlatho wa Kazungula, kufika ku Lusaka, kenako n'kutsata msewu wa Great East kudutsa pa mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke ndi Katete. Ine ndinalowa m'malonda amenewa kuchokera ku ntchito yowerengera ndalama, ndipo zimene zinandisautsa pa zaka zoyamba sizinali mayina ovuta a Chifalansa monga ndinkaopera, koma kutentha kumene kumaononga katundu ndi ngongole zimene zimadya mpamba. Malangizo onse otsatirawa akuzungulira pa zinthu ziwirizi.

Makomo olowera

Khomo limene lili ndi ntchito zambiri ndi la malo ogona alendo. M'tauni muno muli mahotela amene amalandira misonkhano ndi maukwati, koma msika weniweni wa vinyo wabwino uli kuchigwa, ku Mfuwe, makilomita opitirira 100 kuchokera ku Chipata, kumene maloji a m'nkhalango ya South Luangwa amalandira alendo ochokera ku Ulaya ndi ku America. Alendo amenewa anazolowera kumwa vinyo pa chakudya chamadzulo ndiponso dzuwa likamalowa m'mbali mwa mtsinje, ndipo loji imene ili ndi munthu wodziwa kusankha, kusunga ndi kuperekera vinyo imamusunga munthuyo mosamala. Pa Chifalansa munthu wotere amatchedwa sommelier, koma ku Mfuwe nthawi zambiri amakhala weta wamkulu kapena woyang'anira bala amene anadziphunzitsa yekha kuposa anzake. Khomo lina ndi la kuimira kampani ya ku Lusaka imene imaitanitsa vinyo kunja, inu n'kukhala maso ndi miyendo yake m'chigawo chino, kulandira malipiro ochepa ndi kagawo pa katoni iliyonse imene mwagulitsa. Palinso khomo la bizinesi yanuyanu, kaya sitolo, kaya kuperekera vinyo pa maukwati ndi maphwando, ndipo limeneli ndi limene anthu ambiri amathamangira ngakhale kuti ndi loyenera kulowa pomaliza.

Ena amafunsa za kupanga vinyo wa zipatso zathu monga mango, magwafa, masau ndi chidede. N'zotheka, ndipo ku Lilongwe kuli kampani ya Linga imene yakhala ikuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Koma imeneyi ndi ntchito ya fakitale, yofuna ukhondo wosanyengerera, yisiti yoyenera, chipangizo choyezera shuga, chilolezo cha a msonkho ndi kuyezetsa chakumwa kwa oona za miyezo ya katundu. Amene akufuna njira imeneyo ayambe ndi zigubu zochepa zakumwa pakhomo kwa nyengo ziwiri za mango, osagulitsa ngakhale kapu imodzi, kufikira vinyo wake atayamba kutuluka mofanana nthawi zonse.

Musalembe kalata yosiya ntchito msanga

Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pali achibale amene adzakuuzani mwambi umenewu pofuna kuti musankhe chimodzi. Pa nkhani iyi ine ndimatsutsana nawo. Chaka choyamba chiyenera kukhala cha mapanga awiri ndithu: masana muli ku ntchito yanu yakale, madzulo ndi Loweruka mukuphunzira yatsopano. Chifukwa chake n'chakuti malonda a vinyo kuno amayenda ndi nyengo, ndipo munthu amene sanaone chaka chathunthu, kuphatikizapo Januwale ndi Febuluwale pamene ndalama zonse zapita ku feteleza ndi ku sukulu, sanadziwe malondawa. M'chaka chimenechi sungani ndalama zokwanira kudyetsa banja ndi kulipira nyumba kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndalama zimenezi zisasakanikirane ndi mpamba wa bizinesi.

Kuyambira mu 2023 lamulo limalola membala wa NAPSA, bungwe la boma la penshoni, amene wasonkha kwa miyezi 60, kapena amene wakwanitsa zaka 45, kutapako 20 peresenti ya zosonkha zake kamodzi kokha. Ambiri amene amaganiza zosintha ntchito amayang'ana ndalama imeneyi. Ngati mwaitapa, igwiritseni ntchito pa maphunziro ndi pa chipinda chosungiramo katundu, zinthu zimene zidzakhalapobe ngakhale malonda atavuta, osati kugula makatoni ambiri nthawi imodzi. Kaloba musayandikire n'komwe, chifukwa vinyo sayenda mofulumira ngati mowa wa m'mabotolo, ndipo chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chimatha kumeza phindu la miyezi itatu.

Nkhani ya banja ndi mpingo isakhale yobisa. Kwa amalume anu kumudzi ku Katete kapena ku Chadiza, munthu amene wasiya ntchito ya tayi n'kumanyamula makatoni a zakumwa watsika, ndipo mawu amene adzayende ndi akuti mwana wa uje wayamba kugulitsa mowa. Mipingo ina imaletsa membala wake kuchita malonda otere, ndipo eni nyumba ena m'tauni, pa zifukwa za chipembedzo, salola chakumwa choledzeretsa kusungidwa m'nyumba zawo. Khalani pansi ndi akunyumba kwanu, muwaonetse mawerengero, ndipo mukambe ndi akulu ampingo musanayambe, pakuti kumva kwa ena kumapweteka kuposa kumva kwa mwini wake.

Kuphunzitsa lilime ndi mphuno

Vinyo saphunziridwa m'buku mokha, komanso botolo lililonse ndi lodula, choncho njira yanzeru ndi kuchita ngati chilimba. Pezani anzanu asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense azibweretsa botolo limodzi pa mwezi, muzikumana masana musanadye zonunkhira kwambiri. Botolo la mamililita 750 limakwanira anthu khumi ndi asanu ngati aliyense alawa mamililita 50, motero gulu laling'ono limatha kulawa mitundu isanu pa tsiku limodzi popanda woledzera. Pakhale chidebe cholavuliramo, ndipo kulavula kukhale lamulo. Aliyense akhale ndi kope, alembe tsiku, dzina la vinyo, mtundu wa mphesa, chaka, mtengo, ndi zimene wamva, asanamve maganizo a mnzake.

Pali zinthu zinayi zimene lilime liyenera kuzolowera kusiyanitsa. Kutsekemera aliyense amakudziwa. Kuwawasa mumakuzindikira ndi malovu amene amadzaza m'kamwa ngati mwaluma bwemba. Tanini, amene amachokera m'makoko ndi m'njere za mphesa ndipo amapezeka kwambiri m'vinyo wofiira, amaumitsa nkhama monga amachitira tiyi wowirira wopanda mkaka kapena nthochi yosapsa. Chomaliza ndi kutentha kwa pakhosi, kumene kumasonyeza mphamvu ya mowa, imene m'vinyo wambiri imakhala pakati pa 11 ndi 15 peresenti. Za fungo, mabuku a ku Ulaya adzakuuzani zipatso zimene simunazionepo, ndipo musataye nthawi kuloweza mayina awo. Chenin Blanc wa ku South Africa nthawi zambiri amanunkhira gwafa, Sauvignon Blanc amakumbutsa magalagadeya ndi udzu wongotchetcha kumene, Pinotage amatha kumveka utsi kapena nthochi, ndipo vinyo wofiira amene wakhalitsa amafika pa fungo la fodya wouma m'chigafa. Mlendo wa ku London amasangalala kwambiri ndi weta amene wanena kuti vinyo akununkhira masuku, n'kumufotokozera kuti masuku n'chiyani, kuposa amene wabwereza mawu a pa botolo.

Yambani ndi vinyo wa ku South Africa chifukwa ndi amene mudzagulitsa. Dziwani kuti Chenin Blanc ndi mphesa imene imalimidwa kwambiri kumeneko, kuti Pinotage anabadwira komweko mu 1925 pamene Abraham Perold wa ku yunivesite ya Stellenbosch anakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, Pinot Noir ndi Cinsaut, ndiponso kuti Cabernet Sauvignon ali ndi tanini wambiri pamene Merlot ndi wofewerapo. Phunzirani kuwerenga chizindikiro cha pa botolo. Chaka cholembedwapo ndi chaka chimene mphesa zinakololedwa. Mawu akuti Wine of Origin, amene anayamba kugwira ntchito mu 1973, amatsimikiza kuti mphesa zonse zinachokera m'dera lotchulidwalo, ndipo botolo likatchula mtundu umodzi wa mphesa ndiye kuti 85 peresenti kapena kuposerapo ndi ya mtundu umenewo. Dzina lakuti Champagne ndi la vinyo wathovu wochokera m'dera la Champagne ku France kokha, pamene wa ku South Africa wopangidwa m'njira yomweyo, yowiritsa kachiwiri m'botolo momwemo, amatchedwa Cap Classique. Pa ukwati anthu adzapitiriza kutcha chilichonse chophulika kuti shampeni, ndipo si ntchito yanu kuwakonza pagulu, koma pa invoisi lembani dzina loona.

Chikhulupiriro chakuti vinyo wakale ndiye wabwino chalowetsa anthu ambiri m'dzenje. Vinyo woyera ndi wapinki wa mtengo wotsika anapangidwa kuti amwedwe m'chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo munthu akakutsatsani makatoni a zaka zisanu pa mtengo wogwetsa, dziwani kuti akusesa m'nyumba mwake.

Pepala la maphunziro limathandiza, makamaka kwa munthu amene akuchokera ku ntchito ina ndipo alibe mbiri m'mahotela. Lodziwika padziko lonse ndi la WSET, bungwe limene linakhazikitsidwa ku London mu 1969 ndipo limaphunzitsa kudzera m'masukulu ovomerezeka, ena mwa iwo pa intaneti. Gawo loyamba ndi lachidule kwambiri. Gawo lachiwiri, limene mayeso ake ndi mafunso 50 osankha yankho pa ola limodzi, ndi limene ndimalangiza, chifukwa limakupatsani mphesa ndi madera onse akuluakulu ndipo munthu wapantchito amatha kuliwerengera madzulo. Gawo lachitatu limafunanso kulemba mayankho m'mawu anu ndi kulawa mitundu iwiri ya vinyo osaona botolo, ndipo lidikire kufikira mutagwira ntchitoyi chaka chimodzi kapena ziwiri. Ku South Africa kulinso Cape Wine Academy, imene inayamba mu 1979 ndipo imazama pa vinyo wa dziko limenelo. Amene akufuna maphunziro a ntchito yonse ya m'hotela angafunse ku Zambia Institute for Tourism and Hospitality Studies ku Lusaka.

Amene akuganiza kuti anayamba mochedwa, kapena kuti lilime lokulira nsima silingathe, aone anansi athu a ku Zimbabwe. Joseph Dhafana anafika ku South Africa n'kuyamba ntchito ya m'dimba pa lesitilanti ina ku Riebeek-Kasteel, kenako kutsuka mbale, kenako kuperekera zakudya, mpaka anakhala sommelier ku lesitilanti ya La Colombe ku Cape Town. Tinashe Nyamudoka nayenso anayamba ngati weta, ndipo lero ali ndi vinyo wa dzina lake la Kumusha, mawu a Chishona amene ndi ofanana ndi kumudzi kwathu kuno. Mu 2017 awiriwa pamodzi ndi Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu anaimira Zimbabwe pa mpikisano wa dziko lonse wolawa vinyo osaona botolo ku France. Chimene ndikufuna muone m'mbiri zimenezi ndi khomo limene analowera, lomwe ndi la mbale ndi matambula.

Nanunso lowerani pomwepo. Pemphani kwa manijala wa hotela kapena kwa operekera zakudya pa maukwati kuti muzithandiza Loweruka, ngakhale kwa malipiro ochepa. Mudzaphunzira kupukuta tambula mpaka isamveke sopo, kuonetsa botolo kwa amene waitanitsa musanatsegule, kudula chophimba ndi kuzula chitsekerero popanda kuchithyola, kuthira pang'ono kuti alawe, ndi kusadzaza tambula kufika pakamwa. Mudzaphunziranso kuzindikira botolo lodwala, limene limanunkha ngati katoni yonyowa chifukwa cha chitsekerero choipa, ndi kulibweza mosakangana. Chovuta si manja koma mtima, pakuti tsiku lina mudzathirira vinyo munthu amene munkamulamulira mu ofesi, ndipo adzakufunsani mokweza kuti chinachitika n'chiyani. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Muyankheni kuti mukuphunzira, mumufunse ngati vinyoyo wamukomera, ndipo mwina ndi iyeyo amene adzakuitaneni pa ukwati wa mwana wake.

Kalendala ya malonda

Misasa yambiri ya m'nkhalango ku Luangwa imatsegulidwa mu Meyi kapena Juni n'kutsekedwa mvula ikayandikira mu Novembala, ngakhale kuti maloji ena a pafupi ndi Mfuwe amagwira ntchito chaka chonse. Izi zikutanthauza kuti mndandanda wa vinyo wa chaka umasankhidwa mvula isanathe, ndipo amene afika ndi zitsanzo zake mu Julayi wapeza anzake atadya kale. Maloji ambiri amaphatikiza zakumwa pa mtengo wogona, choncho chimene amafuna kwambiri si botolo lodula koma vinyo woyera mmodzi, wofiira mmodzi ndi wapinki mmodzi amene ndi wabwino, wa mtengo wofikirika, ndipo sadzasowa pakati pa nyengo. Ambiri amaoda mwachindunji ku Lusaka, ndipo inu simungawagonjetse pa mtengo. Mwayi wanu ndi kuyandikira: loji ikaperewera Lachinayi, inu mukhoza kufikitsa makatoni Lachisanu m'mawa, ndiponso mukhoza kukhala tsiku limodzi mukuphunzitsa maweta ake m'Chinyanja, chinthu chimene wogulitsa wa ku Lusaka sachita kawirikawiri.

M'tauni ndalama zimayenda anthu akagulitsa chimanga, soya, mtedza, thonje ndi fodya, ndipo maukwati amachuluka m'chilimwe ndi mu Disembala. Mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale ndi wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti umadzaza malo ogona ndi alendo, ndipo mahotela amafuna katundu wochulukirapo masabata amenewo. Ogula a m'tauni ambiri amakonda vinyo wotsekemera monga Four Cousins ndi 4th Street, kapena wa m'bokosi wa malita atatu kapena asanu. Musawanyoze. Munthu amene wangophunzira kumene amakhala ndi matenda ofuna kutembenuza aliyense kuti azimwa vinyo wosatsekemera, pamene vinyo wotsekemerayo ndi amene amalipira lendi. Gulitsani chimene akufuna, ndipo pambali muziwalawitsa china pang'ono.

Mapepala

Lembetsani dzina la bizinesi ku PACRA, mutenge nambala ya msonkho ya TPIN ku ZRA, ndipo mupite ku khonsolo ya mzinda wa Chipata, kapena ya boma limene mukagwireko ntchito, kukapempha laisensi ya zakumwa zoledzeretsa motsatira lamulo la Liquor Licensing Act la 2011. Laisensi yogulitsa mopikulitsa ndi yosiyana ndi ya sitolo kapena ya bala, ndipo imaperekedwa pa malo enieni, choncho musasaine pangano la lendi musanafunse ngati malowo angavomerezedwe. A zaumoyo ndi a zozimitsa moto adzayendera malowo, ndipo operekera zakudya ndi zakumwa amafunika chiphaso cha kuchipatala. Kugulitsa kwa munthu wosakwana zaka 18 ndi mlandu. Boma limene linaletsa tujilijili mu 2012 silichita nthabwala ndi malonda a zakumwa, ndipo kugulitsa m'buti ya galimoto kudzera pa WhatsApp popanda laisensi kumatha ndi kulandidwa katundu.

Za kuitanitsa nokha kuchokera ku South Africa, dikirani. Katundu wa m'mayiko a SADC amene ali ndi chiphaso chosonyeza kumene anapangidwa amapeputsidwa pa msonkho wa pachipata, koma excise, msonkho wapadera umene umaikidwa pa zinthu monga zakumwa zoledzeretsa, ndi VAT zimakhalapobe. Kwa zaka zambiri excise pa vinyo inali 60 peresenti, ndipo mlingo wake umasintha ndi bajeti ya boma, pamene VAT ndi 16 peresenti yowerengedwa pamwamba pa zonse. Pa mlingo wa 60 umenewo, katundu wa K100 amafika pa K160, ndipo VAT ikalowa amafika pa K185.60, musanalipire lole yochokera ku Lusaka. Ndalama zimenezi zimalipidwa musanagulitse botolo ngakhale limodzi. Wongoyamba kumene aziwoda kwa oitanitsa a ku Lusaka, makatoni ochepa koma pafupipafupi. Chipata cha Mwami chili pafupi ndipo padzapezeka wokunong'onezani za mabotolo odutsa njira zachidule, koma loji kapena hotela yolongosoka sigula katundu wopanda invoisi ya msonkho.

Kutentha

Vinyo amasungika bwino pa madigiri 12 mpaka 15, m'malo amdima, osagwedezeka ndi osasinthasintha kutentha. Akakhala nthawi yaitali pamwamba pa madigiri 25 amakalamba msanga, ndipo akafika m'ma 30 amapsa: fungo la zipatso limathawa, woyera amasanduka wachikasu chodera, wofiira amamveka ngati jamu wopserera, ndipo nthawi zina chitsekerero chimakankhidwira kunja n'kusiya mzere womata pakhosi pa botolo. Mu Okutobala kuchigwa cha Luangwa kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pansi pa tenti ya lole imene yaima padzuwa kumaposa pamenepo. Ine ndinataya makatoni asanu ndi atatu m'chaka changa choyamba chifukwa ndinawatumiza ndi lole ya katundu wosakaniza imene inafa panjira n'kukhala masiku awiri padzuwa pafupi ndi Nyimba. Mabotolo anafika osasweka, ndinasainira mokondwa, ndipo ndinadziwa za tsokalo patapita sabata pamene kasitomala anabweza botolo lachitatu.

Kuyambira pamenepo ndimachita motere. Katundu wambiri wa chaka ndimamuyendetsa pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kunja kukuzizira. M'miyezi yotentha ndimaoda pang'ono, ndimapempha kuti makatoni akwezedwe madzulo ndi kuikidwa pakati pa katundu wina osati pamwamba, ndipo opita ku Mfuwe ndimanyamuka nawo mbandakucha atakutidwa ndi mabulangete. Katundu akafika ndimatsegula katoni imodzi ya pamwamba, kuyang'ana makosi a mabotolo, ndi kulawa limodzi ndisanasaine. Posungira sankhani chipinda cha pakati pa nyumba, chopanda zenera loyang'ana kumadzulo, chokhala ndi siling'i pansi pa malata. Makatoni akhale pa mapaleti, otalikirako ndi khoma, ndipo pakhomapo pakhale choyezera kutentha chimene chimasunga mlingo wapamwamba ndi wapansi wa tsiku, muzilemba m'kope m'mawa uliwonse. Mabotolo a chitsekerero cha khungwa agonekedwe kuti chisaume, pamene a chitsekerero chopotokola akhoza kuimirira. Makina oziziritsa chipinda ndi abwino, koma chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba tonse tinaona magetsi akuzima maola ambiri pa tsiku, choncho chipinda chiyenera kukhala chozizira pachokha, makina n'kungothandizira. Kope la kutentha lija muzilionetsa kwa mamanijala a maloji, chifukwa ndi umboni umene opikisana nanu ambiri alibe.

Kutentha kumalowanso pa tebulo. Mabuku amati vinyo wofiira amwedwe pa kutentha kwa m'chipinda, koma amanena zipinda za ku Ulaya za madigiri 16 mpaka 18. Kuno botolo lofiira liyenera kulowa m'firiji kwa mphindi 20 kapena 30 lisanatsegulidwe, ndipo loyera likhale m'chidebe cha madzi ndi ayezi. Botolo lotsegulidwa, lotsekedwanso ndi kuikidwa m'firiji, limakhala bwino masiku awiri kapena atatu, ndipo ili ndi phunziro loyamba loti mupereke kwa ogwira ntchito m'bala imene imagulitsa pa tambula.

Mtengo, ngongole ndi mawu a kwa ogula

Tiyerekeze kuti botolo mwaoda pa K120. Onjezani mtengo wa mayendedwe, gawo la lendi ndi magetsi, ndi kagawo ka mabotolo osweka, obwezedwa ndi olawitsa, amene amakhalapo nthawi zonse, ndipo pokhapo muikepo phindu. Pa tambula, botolo limodzi limatulutsa matambula asanu a mamililita 150, ndipo mtengo uikidwe moti awiri oyamba abweze ndalama ya botolo, chifukwa otsalawo mwina sagulidwa vinyo asanaonongeke. Pa ukwati werengerani theka la botolo kwa mlendo aliyense amene amamwa vinyo, landirani theka la ndalama poyamba, ndipo mugwirizane polemba kuti mudzalandiranso mabotolo osatsegula okha amene mapepala ake sananyowe m'madzi oundana.

Mahotela ndi maloji amapempha masiku 30 kuti alipire, ndipo masiku 30 amakonda kusanduka 60. Amene akukupatsani katundu ku Lusaka sadzadikira chimodzimodzi. Choncho kasitomala watsopano alipire maoda atatu oyamba nthawi yomweyo, aliyense akhale ndi malire a ngongole olembedwa, ndipo oda yatsopano isatuluke yakale isanalipidwe, ngakhale manijala atakhala mlamu wanu. Apa ndi pamene ntchito yanu yakale imabwerera kudzakuthandizani: amene anali mphunzitsi amaphunzitsa maweta bwino, amene anali namwino amadziwa ukhondo ndi kulemba zinthu pa nthawi yake, ndipo ife a maakaunti timadziwa kuti malonda a pa pepala si ndalama ya m'thumba.

Wogula akafunsa kuti vinyo uyu amayenda ndi chiyani, muyankheni ndi zakudya zimene adye madzulo amenewo. Ndiwo zotendera, zokhala ndi mafuta a nsinjiro, zimafuna vinyo woyera wowawasa pang'ono monga Chenin Blanc. Nsomba yokazinga ndi kapenta zimagwirizana ndi Sauvignon Blanc wozizira. Nyama ya mbuzi yootcha pa makala imakondana ndi Shiraz kapena Pinotage, nkhuku ya kumudzi yophikidwa ndi tomato imalandira Merlot, ndipo chakudya cha tsabola wambiri chimafuna vinyo wotsekemera pang'ono, chifukwa tanini ndi tsabola zikakumana m'kamwa mumayaka. Wina anandifunsapo mwanthabwala za mbewa, ndipo titayesa tinapeza kuti vinyo wapinki wozizira amachita bwino ndithu.

Pali ngozi ina imene anthu a m'malondawa sakonda kuitchula. Mudzakhala ndi chakumwa m'nyumba tsiku lililonse, mudzalawitsidwa masana, ndipo makasitomala adzakukakamizani kukhala nawo pa tebulo. Dziikireni malamulo mudakali kunja: kulavula pa ntchito, masiku angapo pa sabata osamwa konse, kusayendetsa galimoto mutamwa makamaka pa msewu wa ku Mfuwe usiku, ndi kulipira m'kaundula botolo lililonse limene mwatengera kunyumba. Munthu amene anavutikapo ndi mowa asalowe m'ntchito imeneyi.

Kalata yosiya ntchito ilembedwe pamene mwadutsa chaka chathunthu, muli ndi laisensi m'manja kapena kalata ya ntchito yosainidwa, ndalama za miyezi isanu ndi umodzi zili padera, ndipo pali makasitomala osachepera asanu amene aodanso kachitatu ndi kulipira okha osawathamangitsa. Perekani chidziwitso cha mwezi umodzi monga pangano lanu likunenera, musiye mabuku ali olongosoka, ndipo mutsanzike bwino, pakuti ofesi yomweyo imachita phwando kumapeto kwa chaka. Nthawi yabwino yochokera ndi Malichi kapena Epulo, kuti mwezi wanu woyamba wopanda malipiro ukumane ndi maloji akutsegula, msewu utauma, ndi kunja kukuyamba kuzizira moti makatoni akhoza kuyenda kuchokera ku Lusaka osapsa.